Wodwala maganizo akachira, pakhomo pamabuka nkhani ina

Ku Mbare, ku Highfield, ku Dzivarasekwa ndi ku Mabvuku mu Harare, ku Zimbabwe, kumene ana ndi adzukulu a anthu ochokera ku Nyasaland (Malawi wa lero) akadalankhulabe Chichewa m'nyumba, ambiri tsopano tikudziwa kuti matenda a maganizo amachizika. Chimene sitiuzana n'chakuti mikangano ya pakhomo kawirikawiri imakula m'miyezi yoyamba munthu atayamba kupeza bwino, osati pamene anali chigonere. Ife amene timaitanidwa ngati ankhoswe ndi alangizi taziona izi mpaka tinasiya kudabwa. Mayi amene anatha zaka ziwiri osatuluka m'chipinda wayambanso kusamba m'mawa, kupita kumsika wa Mbare Musika, kuseka ndi anzake pampopi, ndipo mwezi womwewo ndi pamene mwamuna wake amabwera kudzadandaula kuti, "Mkazi wanga wasintha, akumuphunzitsa mwano ndi agogo opereka uphungu kukiliniki aja."

Chifukwa chake n'chosavuta. Matenda akakhalitsa, banja limadzikonza mozungulira wodwalayo. Bambo akamamwera malipiro onse, khadi la ku banki limasamukira m'chikwama cha mayi. Mayi akakhala chigonere, mwana wamkazi wa zaka 13 ndi amene amaphika, kuchapa ndi kusambitsa azing'ono ake. Mchemwali amene sankatha kukana kanthu ndi amene amalipira lendi ya mlongo wake, fizi ya ana a malemu ndi ndalama za sosaite ya maliro za anthu atatu. Zili ngati mphika umene unakhazikika pa mafuwa awiri ndi kachidutswa ka njerwa chifukwa fuwa lachitatu linatitimira. Mukalikweza fuwalo osasuntha enawo, mphika upendekeka. Aliyense m'nyumbamo anapeza malo ake nthawi ya matenda, ena malo owawa, ena okoma, ndipo wochirayo akabwera kudzafuna malo ake akale amapeza pakhala munthu.

Achibale ayambe adziwa zimene zimachitika pa uphungu, chifukwa ambiri amaganiza kuti m'bale wawo amangopita kukawanena. Mu Harare muno ambiri thandizo amalipeza pa Friendship Bench, mabenchi aja a pamakiliniki a khonsolo, ntchito imene Dr Dixon Chibanda anayambitsa ku Mbare mu 2006 pogwiritsa ntchito agogo ophunzitsidwa. Munthu amafunsidwa mafunso 14 a inde kapena ayi okhudza sabata yapitayo: tulo, kulira, kuganiza kwambiri kumene anzathu Achishona amati kufungisisa, kulephera ntchito za tsiku ndi tsiku, maganizo ofuna kudzipha. Akapezeka kuti akufunika thandizo, amakumana ndi gogo mmodzi yemweyo mpaka ka 6, pafupifupi mphindi 45 ulendo uliwonse. Gogoyo salamula kuti chita chakuti. Amamuthandiza kutchula mavuto ake onse, kusankhapo limodzi lokha limene angalithe, kuganizira njira zingapo, kutengapo imodzi, n'kupangana tsiku lokachitira. Sabata yotsatira amafunsa kuti zinayenda bwanji. Kafukufuku amene anachitika m'makiliniki 24 a mu Harare pa anthu 573, n'kusindikizidwa mu 2016, anapeza kuti patatha miyezi 6, mwa amene anakhala pa benchi 14 pa 100 alionse ndiwo anali akadali ndi zizindikiro za matenda ovutika maganizo (depression), pamene mwa amene analandira chithandizo chamasiku onse anali 50 pa 100. Njirayo imagwira ntchito ndithu.

Koma taonani kumene ntchito ya sabatayo imakachitikira. Vuto limene munthu wasankha nthawi zambiri ndi ngongole ya katapila, mwamuna wosasiya ya ndiwo, alamu amene anabwera kudzagona masiku atatu chaka chatha ndipo akadali pomwepo, kapena kuululira mnzake wa m'banja kuti ali pa ma ARV. Palibe chimodzi mwa izi chimene chimathera pa benchi. Zimathera pakhomo, pamaso pa anthu amene kunalibe pamene zinkakambidwa ndipo palibe anawachenjeza.

Choyamba chimene achibale amamva ndi mawu akuti ayi, ndipo amawamvera pa ndalama. Titenge mayi wogulitsa kaunjika kumsika wa Mupedzanhamo amene foni yake siipuma mwezi ukamatha: amalume a kumudzi akufuna za fetereza pa Mukuru, mlongo wake wa ku Epworth akufuna pa EcoCash (njira yotumizira ndalama pafoni), mwana wa achemwali wabwezedwa kusukulu. Akayamba kukana, mayankho amabwera motsatana mofanana pafupifupi m'banja lililonse. Poyamba amamuseka. Kenaka amakwiya: wayamba kudzimva, waiwala amene anamulera. Kenaka amatuma munthu wamkulu amene sangamuyankhe. Pomaliza pamabuka ngozi yadzidzidzi imene siingadikire mawa. Mafoni amayamba achuluka asanachepe, ndipo apa ndi pamene ambiri amagonja poganiza kuti alakwitsa. Kugonja pamenepa n'koipa kuposa kusayamba n'komwe, chifukwa wopemphayo waphunzira kuti mtengo wa ndalamazo ndi kuimba kasanu ndi kulira kamodzi, ndipo mwezi wamawa adzayambira pomwepo.

Chimene taona chikuthandiza n'kutchula chiwerengero munthu asanapemphedwe. Alembe papepala zolowa pamwezi, achotse lendi, magetsi, madzi, chakudya, fizi, mankhwala ake ndi mpamba wa geni. Pa zotsalazo asankhe ndalama imene angapereke mwezi ndi mwezi osakongola, ngakhale ikhale madola 15 kapena 20. Aimbe yekha kumayambiriro kwa mwezi, mtima uli m'malo: "Amalume, kuyambira tsopano ndizitumiza madola 20 pa 1 mwezi uliwonse. Kuposa apo sindingathe." Asachulukitse zifukwa, chifukwa chifukwa chilichonse chimene wapereka ndi khomo loyambira mtsutso. Za chipatala zenizeni ndi za sukulu alipire yekha ku famase kapena ku akaunti ya sukulu, osati kupereka m'manja. Maliro ali paokha, amenewo sitiwerengera. Ndipo tinene poyera: malangizo a pa Facebook akuti dulani ubale ndi aliyense wokulemetsani anachokera kumaiko kumene munthu akadwala kapena kukalamba boma ndi inshuwalansi zimamusunga. Kuno amene adzakugonereni kuchipatala ndi kukukumbirani manda ndi achibale omwewo. Cholinga n'kuchepetsa katundu, osati kutsala wekha.

Nkhani ya mowa ili ndi zake. Munthu amene wakhala akumwa kwambiri tsiku ndi tsiku asasiye mwadzidzidzi ali yekha kunyumba: kunjenjemera kumayamba pakati pa maola 6 ndi 24, kugwa ngati wakhunyu kungabwere m'masiku awiri oyamba, ndipo kusokonezeka mutu ndi kuona zinthu zimene palibe, komwe kumabwera cha pa tsiku lachitatu, kungathe kupha. Ayambire kukiliniki. Mnyamata amene wasiya mutoriro (mankhwala ozunguza bongo a crystal meth) amagona kwambiri, kudya kwambiri ndi kukhala wosasangalala kwa masabata angapo. Si ulesi, ndi thupi likubwerera m'malo mwake, ndipo kumutukwana nthawi imeneyi n'kumubweza kumene wachokera.

Bambo akasiyadi mowa, mwezi woyamba nyumba imakhala ya chimwemwe chamantha, aliyense akuyenda monyang'ama. Mkwiyo wa mayi umatuluka pambuyo pake, pamene bambo akuyembekezera kuyamikiridwa. Bambo amati, "Mayi a ana, mowa ndasiya, mukufunanso chiyani?" Iye akuwerenga masabata amene wakhala osamwa, pamene mayi akuwerenga zaka: makina osokera amene anagulitsidwa, usiku umene ana anagona kwa aneba, tsiku limene anakamutola m'ngalande anthu akupita kutchalitchi. Mkwiyowu unalipo kale, koma panalibe pautulutsira, chifukwa munthu woledzera sukamba naye mlandu. Kutuluka kwake n'chizindikiro chakuti mayi wayamba kukhulupirira kuti bambo angamve. Ukangosiyidwa kuti uzituluka paliponse, m'mawa, pa nsima, pamaso pa ana, bambo amapeza chifukwa choyambiranso. Ukatsekeredwa, banja limazizira mpaka kalekale. Timawauza kuti asankhe madzulo amodzi pasabata, mphindi 30, ana kulibe. Mayi akambe chochitika chimodzi chokha. Bambo abwereze zimene wamva m'mawu ake, popanda "koma", popanda "inunso". Nthawi ikatha nkhani yatsekedwa mpaka sabata yamawa. Zimaoneka zachibwana kwa anthu amene akhala m'banja zaka 20, koma ndi malirewo amene amapangitsa bambo kupirira kumva ndi mayi kusaopa kuti nkhani yake yakwiriridwa.

Khadi la ku banki ndi nambala yachinsinsi ya EcoCash zisabwezedwe tsiku limodzi, ndiponso zisagwiridwe mpaka muyaya. Zonse ziwiri zimagwetsa munthu: ndalama zambiri m'thumba pa sabata yachitatu ndi chiyeso, ndipo bambo wa zaka 45 amene amapempha ya kombi (minibasi) kwa mkazi wake chaka chonse amadzaona kuti kusiya mowa sikunamupindulire kanthu. Agwirizane masitepe ndi masiku ake, alembe. Mwezi woyamba bambo apatsidwe ya thiransipoti ndi ya nkhomaliro tsiku ndi tsiku, ndi ntchito imodzi, monga kugula magetsi a ZESA n'kuonetsa uthenga wa pafoni. Zikayenda bwino, mwezi wachiwiri alandire za sabata yonse pamodzi ndipo akalipire lendi n'kubweretsa risiti. Mwezi wachitatu kapena wachinayi atenge fizi kukapereka kusukulu. Khadi lenileni libwerere pambuyo pa miyezi 6, bajeti akupangira limodzi. Akaterereka, abwerere sitepe imodzi kumbuyo, osati kuyambira pansi penipeni, chifukwa munthu amene akudziwa kuti botolo limodzi limufafanizira zonse amabisa, ndipo kubisa ndiko kumakulitsa vuto. Ngongole za kumowa nazo zilembedwe zonse papepala limodzi, mayi azione, kuti asamadzidzimuke ndi anthu ogogoda pakhomo.

Ana ndiwo amapindula msanga, ngakhale poyamba sizioneka choncho. Ku America, kafukufuku amene anasindikizidwa mu 2006 anatsatira amayi odwala matenda ovutika maganizo pamodzi ndi ana awo, ndipo anapeza kuti amayi akachira m'miyezi itatu, mavuto a maganizo ndi a khalidwe mwa ana awo ankachepa ngakhale anawo sanalandire chithandizo chilichonse, pamene mwa ana a amayi amene sanachire ankawonjezeka. Komabe kholo lochira limalakwitsa pa chinthu chimodzi: kubwerera ndi malamulo. Bambo amene kwa zaka zisanu sankadziwa kalasi ya mwana wake mwadzidzidzi akufunsa za homuweki ndi chikwapu m'manja, ndipo mnyamata wa zaka 16 amene ankateteza amayi ake usiku amamuyang'ana m'maso n'kunena kuti, "Lero ndiye mwakumbukira?" Miyezi itatu yoyamba kholo lotere lisakhazikitse lamulo latsopano kapena kupereka chilango palokha. Lizingopezeka: kuperekeza wamng'ono kusukulu, kupita tsiku lokambirana ndi aphunzitsi, kudya nawo madzulo, kusunga lonjezo laling'ono monga kubweretsa buledi. Malamulo azibwera kuchokera kwa makolo onse awiri pamodzi.

Mtsikana uja ankaphikira nyumba yonse amafunika kumusamala mwapadera. Mayi akangolowa kukhitchini n'kuyamba kusintha malo a mapoto ndi kudzudzula kakolopedwe, mwanayo amamva ngati wachotsedwa ntchito popanda zikomo. Amuthokoze mokweza, pamaso pa ena, atchule zimene anachita. Atenge ntchitozo imodziimodzi, kuyambira zolemera monga kuchapa ndi kudzuka usiku ndi khanda, amusiyire imodzi imene iye wasankha. Musadabwe mwana ameneyu, amene sankavuta n'komwe, akayamba kuyankha mwamwano, kulira popanda chifukwa kapena kuchedwa kwa anzake. Wapeza mpata wokhala mwana, ndipo zimene anameza zikutuluka. Ana aang'ono amangofunika kumva zinthu zitatu m'mawu apafupi: amayi ankadwala matenda amene ali ndi dzina, sanadwale chifukwa cha iwe, ndipo akulandira thandizo. Musawakakamize kunena kuti akhululuka.

Munthu amene amaiwalika ndi wodwazika. Mwamuna, mchemwali kapena agogo amene anasenza nyumba nthawi yonse ya matenda nthawi zambiri amagwa pamene katundu watsika. Tulo timasowa, mutu umapweteka, amakwiya msanga, ndipo amachita manyazi kunena chifukwa aliyense akuti tithokoze Mulungu. Ena amamva kuti safunikanso. Ankadziwika kumpingo ndi kwa aneba ngati munthu wopirira uja, tsopano ndi ndani? Ena amachita nsanje ndi gogo wa pa benchi amene wamva zinsinsi zimene iwo sanauzidwe, kapena ndi anzake atsopano a m'magulu a Circle Kubatana Tose, kumene omaliza uphungu amakumana n'kumaluka zikwama za mapulasitiki. Wodwazikayo nayenso akayankhe mafunso 14 aja. Asapite ngati woperekeza, apite payekha. Ndipo pa funso lakuti "munakambirana chiyani lero?", wochirayo sakakamizidwa kuulula zonse, koma kuyankha kuti "sizikukukhudzani" kumabzala chikayiko. Ndi bwino kunena chimodzi chenicheni: "Sabata ino ndikuyesa kudzuka 6 koloko ndi kukaonana ndi mwini nyumba za ngongole ya lendi. Mundithandize pondidzutsa."

Pa mankhwala, mabanja amalimbana pa zinthu ziwiri, ndipo chimodzi sichitchulidwa. Mapiritsi odziwika m'zipatala zathu ndi fluoxetine ndi amitriptyline. Amatenga masabata awiri mpaka anayi, nthawi zina 6, kuti ayambe kuthandiza, ndipo malangizo a World Health Organization ndi akuti munthu apitirize miyezi 9 mpaka 12 zizindikiro zitatha, kenaka achepetse pang'onopang'ono kwa masabata osachepera anayi mouzidwa ndi dokotala. Achibale akaona munthu akuseka amati wachira, mapiritsi ndi achiyaninso, adzazolowera. Ena amati anachira ndi mapemphero, ndiye kumwabe mankhwala n'kusakhulupirira. Sitikangana ndi munthu pa za amene anachiritsa. Timangoti abusa, ashehe kapena amayi a chigwirizano apitirize kupemphera ndipo botolo la mapiritsi lipitirize kutsegulidwa. Kusiya mwadzidzidzi kumabweretsa chizungulire, nseru, maloto oipa ndi kukwiya msanga, ndipo matenda enieniwo amatha kubwerera patapita masabata.

Chosatchulidwacho ndi cha kuchipinda. Fluoxetine amachepetsa chilakolako mwa anthu ambiri, amuna ndi akazi omwe, ndipo ena amachedwa kapena kulephera kumaliza. Amitriptyline amagonetsa, kuumitsa kukamwa ndi kudzimbitsa. Mwamuna amene sanauzidwe izi akaona mkazi wake akudzola mafuta, akutuluka m'nyumba, akuseka pafoni, koma usiku akutembenukira kukhoma, amawerengera yekha n'kupeza yankho lolakwika. Taona mabanja akufika kwa ankhoswe pa mlandu wa chibwenzi chimene kulibe. Wochirayo amuuze mnzake msanga kuti ndi mankhwala, ndipo auze namwino kapena dokotala mosabisa, chifukwa mlingo kapena mtundu wa mankhwala ungasinthidwe. Asasiye yekha mwakachetechete kuti apulumutse banja, zimene ambiri amachita.

Pali funso limodzi limene limawononga kwambiri: "Mwamwa mankhwala anu lero?" likafunsidwa pakati pa mkangano. Tanthauzo lake n'lakuti dandaulo lako si dandaulo, ndi misala. Munthu wochira ali ndi ufulu wokwiya magetsi akathima nyama ili mufiriji, kapena mwamuna akabwera 2 koloko usiku, monga wina aliyense. Kuyambira m'zaka za m'ma 1960, ofufuza a ku London, George Brown ndi anzake, anaona kuti odwala misala ya mtundu wa schizophrenia amene abwerera m'nyumba zodzudzula kwambiri, zaudani, kapena zowalondalonda mopitirira muyeso amadwalanso msanga kuposa anzawo, ndipo pambuyo pake zinapezekanso chimodzimodzi pa matenda ovutika maganizo. Onani kuti kulondalonda kuli m'gulu lomwelo ndi kudzudzula. Amayi amene amawerenga mapiritsi a mwana wawo wa zaka 30 katatu patsiku, kumuletsa kupita kumpira ndi kumuyankhira mafunso alendo akabwera amachita mwachikondi, koma zotsatira zake n'zofanana.

Mantha a achibale si opanda pake, chifukwa pafupifupi theka la anthu amene anadwalapo matenda ovutika maganizo kamodzi amadzadwalanso. Njira yake n'kulemba pangano munthu ali bwino. Wochirayo atchule yekha zizindikiro zake zitatu kapena zinayi zoyambirira, zooneka ndi maso: kudzuka 3 koloko usiku osagonanso, kusiya kusamba, kusayankha foni, kusapita kugeni. Atchule munthu mmodzi yekha wololedwa kumuuza, ndi mawu amene angawalandire. Tsiku limodzi kapena awiri oipa si matenda. Zizindikiro zikakhala pafupifupi tsiku lililonse kwa masabata awiri, abwerere kukiliniki osadikira. Koma akayamba kunena za kufa, kugawa katundu wake kapena kutsanzika, palibe kudikira masabata awiri. Mufunseni molunjika ngati akuganiza zodzipha, kufunsako sikumupatsa maganizowo. Asakhale yekha, chotsani m'nyumba mankhwala a makoswe ndi ophera tizilombo m'munda, mapiritsi asunge munthu wina, makamaka amitriptyline amene ndi woopsa akamwedwa ambiri, ndipo tsiku lomwelo apite kuchipatala. Ku Parirenyatwa ndi ku Sally Mugabe Central Hospital kuli mbali zoona za matenda a maganizo.

Uphungu umatsegulanso mabala akale, ndipo munthu akapeza mphamvu amafuna kukafunsa makolo: bwanji munanditumiza kwa azakhali amene ankandimenya, bwanji simunandikhulupirire nditakuuzani za amalume aja. Mafunsowa ndi oyenera. Chimene chimalakwika ndi malo ndi chiyembekezo. Ambiri amafunsa pamaliro kapena pa Khirisimasi chifukwa ndi pamene onse asonkhana, ndipo kholo lofunsidwa pagulu limadziteteza basi. Ena amalemba uthenga wautali pagulu la WhatsApp la banja, umene umafika mpaka kwa achibale a ku Johannesburg ndi ku Lilongwe m'mphindi imodzi ndipo sungabwezedwe. Makolo athu ambiri anakulira m'makomboni a m'mafamu ndi m'migodi, akutchedwa mayina achipongwe chifukwa cha kumene anachokera, ndipo anaphunzira kuti zowawa sizikambidwa. Mawu akuti pepa angathe osatuluka konse. Nthawi zina kupepesa kwawo kumabwera ngati thumba la mbatata lotumizidwa pa basi patatha mwezi. Munthu asanapite adzifunse kuti, akakana zonse, ndibwerako ndili bwanji? Ngati yankho n'lakuti ndidzagwanso, nthawi siinakwane. Ngati wozunzayo akadali pafupi ndi ana ena, imeneyo si nkhani yodikira. Bungwe loteteza ana la Childline limayankha foni pa nambala ya 116 kwaulere.

Nkhani ikafunika bwalo la banja, likhale laling'ono. Kwathu nkhani za mbumba zimadutsa kwa amalume, pamene kwa anzathu Achishona, amene ambiri takwatirana nawo, za m'banja zimadutsa kwa tete, mlongo wa bambo. M'banja losakanikirana muitane mmodzi mbali iliyonse, apo ayi mbali imene yasiyidwa idzagwetsa zimene mwagwirizana. Anthu asapitirire asanu, nkhani ikhale imodzi, ola limodzi likwane, ndipo wochirayo agwirizane ndi wotsogolera pasadakhale zimene zingatchulidwe za matenda ake ndi zimene sizingatchulidwe. Ankhoswe tili ndi chizolowezi chofuna kubwezera zinthu mmene zinalili, chifukwa ndiyo ntchito imene tinaphunzira. Apa mmene zinalili ndi mmene munthu anadwalira. Funso lofunsa si lakuti walakwa ndani, koma lakuti ntchito iti, ndalama iti, ulamuliro uti ukusamuka kuchoka kwa yani kupita kwa yani, ndipo liti. Mupangane tsiku lokumananso patatha mwezi.

Zonse tanenazi n'za nyumba imene anthu akukokana koma palibe akuopa mnzake. Pali nyumba zina zimene matenda a mayi anali chipatso cha nkhanza, ndipo kufooka kwake ndiko kunkasunga bata. Mayi wotere akayamba kuyankha, kusunga ndalama zake ndi kutuluka pakhomo, mwamuna samangodandaula: amalanda foni, amamuletsa kupita kukiliniki, amataya mapiritsi m'chimbudzi, amamenya kuposa kale, amaopseza kuti amupha kapena adzipha. Apa mphindi 30 za pasabata ndi bwalo la ankhoswe sizigwira ntchito, ndipo kuwakhazika pamodzi kuti aliyense anene mbali yake kungaike mayiyo pangozi akabwerera kunyumba. Kukanyanga pakhosi, ngakhale kamodzi, n'chizindikiro choopsa kwambiri. Nthawi imene mayi akukonzeka kuchoka, komanso imene wangochoka kumene, ndiyo yoopsa kuposa zonse, choncho asalengeze. Bungwe la Musasa, limene lakhala likugwira ntchito kuyambira 1988, limapereka uphungu, thandizo la zamalamulo ndi malo obisalako. Kupolisi afunse Victim Friendly Unit, nthambi yothandiza ochitiridwa nkhanza. Lamulo la Domestic Violence Act, limene linayamba kugwira ntchito mu 2007, limalola munthu kupempha kubwalo la majisitireti chikalata choletsa womuzunza kumuvutitsa, ndipo khoti likhoza kupereka chongoyembekezera mlandu usanamvedwe.

Mabanja ena amatha munthu akachira, ndipo si onse amene tiyenera kuwalirira. Amene akuona kuti zikulowera kumeneko asungiretu kwa munthu wodalirika, kunja kwa nyumba, ndalama ya kombi, mankhwala a sabata imodzi, khadi la kukiliniki, chitupa chake ndi makalata a kubadwa a ana, ndipo azijambule zonse n'kutumiza pafoni ya munthuyo. Kwa ife amene makolo kapena agogo athu anabadwira ku Malawi, mapepala amenewa akawotchedwa kapena kubisidwa, kuwapezanso kumafuna mboni ndi zikalata za makolo zimene mabanja ambiri alibe, ndipo mwana wopanda kalata ya kubadwa amadzavutika polembetsa mayeso ndi potenga chitupa chake.